Magemu oopsa a mu Okutobala: tiyambe ndi iti, tiitchere bwanji?

Kadzidzi:
Akuluakulu, Okutobala uja wafika. Ku America ndi ku Britain mwezi uno ndi wa Halloween, pa 31, ndipo masitolo a magemu amagwetsa mitengo ya magemu oopsa. Halloween si mwambo wa kwathu, koma mitengo ikagwa imagwera tonse. Ndiye tithandizane. Munthu wofuna kulowa m'magemu oopsa mwezi uno ayambe ndi iti, pa makina otani, ndipo aitchere bwanji kuti iopsedi? Chonde tisangotchula mayina, tinene ndi zimene zimavuta.

Mlonda_wa_Usiku:
Tiyambire pa makina, a Kadzidzi, poti ambiri amathera bandulo pa gemu imene kompyuta yawo singainyamule. Ngati muli ndi laputopu yakale ya mu ofesi, tengani Amnesia: The Dark Descent ya 2010. Ndi yaing'ono, sivuta. Outlast ya 2013 imafuna malo okwana 5 GB, ndipo imayenda mukatsitsa zithunzi kufika pa 720p ndi kuika zonse pa Low. Pa PS4 ndiye pali phwando: Resident Evil 7 ya 2017, Resident Evil 2 yokonzedwanso ya 2019, Alien: Isolation ya 2014, Until Dawn ya 2015. Silent Hill 2 ya 2024 ndi Dead Space ya 2023 musaziyembekezere pa PS4, sizinatulukepo. Zimenezo ndi za PS5 kapena kompyuta yamphamvu yokhala ndi SSD, ndipo iliyonse imadya malo okwana 50 GB.

Gulugufe:
Musaiwale a pafoni. Five Nights at Freddy's, Granny, Little Nightmares, ngakhale Alien: Isolation inafika pafoni mu 2021, kungoti imafuna foni yamphamvu ndi malo ambiri.

Chiphaliwali:
Ine ndikutsutsako pang'ono zoyambitsa munthu watsopano ndi Outlast. Magemu oopsa ali mitundu iwiri ikuluikulu. Pali oti ulibe chida, ntchito yako ndi kuthawa ndi kubisala, monga Outlast ndi Amnesia. Pali ena oti mfuti uli nayo koma zipolopolo ndi zowerenga, monga Resident Evil ndi Dead Space. Watsopano akayamba ndi wothawa okhaokha, amagwidwa pamalo amodzi kasanu, kachisanu ndi chimodzi sakuopanso, wangotopa. Chilombo chikakupha kangapo chimasanduka chopinga wamba. Mu Resident Evil 2 munthu amakhala ndi chochita m'manja, ndipo mantha amachokera pa kuwerengera: zipolopolo zatsala zinayi, khonde lili ndi mazombi atatu, ndidutse bwanji? Mantha amenewo satha msanga.

Mlonda_wa_Usiku:
Mfundo ndaimva, achimwene, koma wa laputopu ya 4 GB RAM Resident Evil 2 aiona kuti? Aliyense amavina ndi ng'oma imene ali nayo.

Chiphaliwali:
Ameneyo atenge Signalis ya 2022. Ndi yopepuka, ili ndi mfuti, ndipo thumba limalowa zinthu zisanu ndi chimodzi zokha. Kuwerengera kwake n'komweko.

Namzeze:
Musanakangane za mayina, konzani TV. Anthu ambiri amaononga gemu pa sikirini yoyamba yomwe ija, pamene imakuonetsani kachizindikiro n'kunena kuti mutsitse kuwala mpaka kazioneka movutikira. Munthu amachita mantha, n'kukweza mpaka pamwamba. Zotsatira zake mdima umasanduka phulusa, chilombo chimene chimayenera kukudzidzimutsani mukuchiona chili kumapeto kwa khonde, tochi ya mu gemu ilibenso ntchito. Tsatirani zimene sikiriniyo ikunena, ndipo muchite zimenezi usiku, m'chipinda muli mmene mudzakhalire posewera. Mukatchera masana dzuwa likulowa pa windo, usiku zidzawala mopitirira.

Chachiwiri ndi RGB Range, muyeso wa kuda ndi kuwala umene makina amatumiza ku TV. Pa PS4 ili mu Settings, Sound and Screen, Video Output Settings. Pa TV ya Samsung dzina lake ndi HDMI Black Level, pa LG ndi Black Level. Ziwirizi zikasemphana pamachitika chimodzi mwa ziwiri: mdima umakhala bii osaona ngakhale chitseko chili patsogolo panu, kapena chithunzi chonse chimatuwa. PS4 ikakhala pa Limited, TV ikhale pa Low. PS4 ikakhala pa Full, TV ikhale pa Normal kapena High. Ambiri Automatic imawakwanira, koma TV zina zotchipa zimanamiza makina.

Chotsaninso Vivid kapena Dynamic, ikani Game Mode. Zimitsani Eco ndi Dynamic Contrast, poti zimenezi zikaona chithunzi chakuda zimatsitsanso kuwala kwa TV, ndipo magemu awa ndi akuda kuyambira poyamba mpaka pomaliza. HDR pa TV yotchipa ingozimitsani, ilibe kuwala kokwanira.

Gulugufe:
Achemwali, nanga nyali ya m'chipinda? Tizimitse zonse?

Namzeze:
Ya kudenga zimitsani, imaonekera pa galasi la TV. Koma ikani kanyali kofooka kuseri kwa TV, kounikira khoma. Mdima wa bii ndi sikirini yothwanima zimatopetsa maso, pakatha ola mutu wayamba kuwawa.

Fisi265:
Ine ndinena za makutu, chifukwa theka la gemu yoopsa lili m'mawu. Masipika a TV amasakaniza zonse pakati, simungadziwe ngati mapazi akuchokera kumanzere, kumanja kapena pamwamba. Mahedifoni a waya, ngakhale otchipa a foni, alowetseni pa kabowo ka 3.5 mm ka pa kontirola. Kenako pitani ku Settings, Devices, Audio Devices, Output to Headphones, musankhe All Audio. Mukasiya pa Chat Audio mudzamva zii n'kuganiza kuti mahedifoni afa. A Bluetooth ambiri PS4 siwalandira, ndipo pa kompyuta amachedwetsa mawu, moti chitseko chimamveka chitatseguka kale.

M'gemu momwemo yang'anani Dynamic Range. Ikakhala yaikulu, zapansipansi zimamveka pansi kwambiri, zaphokoso zimaphulika. Pa mahedifoni ndi zabwino. Pa masipika usiku, ana atagona, ikani yaing'ono. Voliyumu muziyezera pa kulira kwa mfuti, osati pa nthawi ya bata, apo ayi kudzidzimutsa koyamba kudzakupwetekani makutu. Resident Evil 2 ili ndi Real-time Binaural, iyatseni mukavala mahedifoni. Ndipo onetsetsani L ali kumanzere, R kumanja. Zikumveka zoseketsa, koma mukatembenuza mudzathawira kumene kuli chilombo.

Kadzidzi:
A Chiphaliwali, poti mwaikweza Resident Evil 2, tipatseni zenizeni. Munthu apulumuka bwanji mu nyumba ya polisi ya m'gemumo?

Chiphaliwali:
Choyamba, musaphe zombi iliyonse. Kuombera m'mutu sikutsimikizika, ina imagwa ndi zipolopolo zitatu, ina imadya zisanu ndi ziwiri n'kudzukanso. Omberani bondo. Ikagwa kapena mwendo ukaduka, dutsani. Iphani zokhazo za m'makonde amene muzidutsamo kawirikawiri.

Matabwa amene mumatola ndi ochepa kuposa mawindo. Khomani mawindo a m'khonde la kumadzulo pansi, makamaka pafupi ndi masitepe a ku Dark Room, chifukwa mudzabwererako kambirimbiri. Mukawamwaza pa mawindo a kumene simudzapitakonso, khonde lofunika lidzadzaza.

Mapu akuuzani zoona. Chipinda chofiira ndiye kuti mwatsala kanthu, chabuluu mwatha. Zitsamba musadye chobiriwira chokha ngati mungathe kudikira: chobiriwira ndi chofiira pamodzi zimabweza moyo wonse, chabuluu chimachotsa poizoni, zitatuzo pamodzi zimakupatsaninso kulimba kwa kanthawi. Onga wamba uwiri umapanga zipolopolo za mfuti yaing'ono. Mukamasewera ngati Leon, wamba ndi wachikasu zimapanga za shotgun, wachikasu uwiri za magnum. Mpeni musamaugwiritse ntchito podula mazombi pansi mpaka kutha, umathyoka. Usungeni, poti zombi ikakugwirani mumaibaya n'kumasuka, ndipo mukaipha mumauzula n'kuutenganso.

Ma Licker, zilombo zokwawa za lilime lalitali, alibe maso. Yendani pang'onopang'ono, musathamange, musaombere, mudzawadutsa pambali. Vuto limabwera Mr. X, chimphona cha chipewa, akayamba kukutsatani, mukangozimitsa moto wa helikopita. Iye safa. Mukamuthira zipolopolo zambiri m'mutu amangogwada kanthawi n'kudzuka, ndiye musataye. Amamva kulira kwa mfuti ndi kuthamanga. Choncho ma Licker a m'makonde ofunika muwaphe iye asanatulukire, chifukwa kuyenda mwakachetechete pambali pa Licker kumbuyo kukubwera Mr. X n'kosatheka. Salowa mu Dark Room kapena mu S.T.A.R.S. Office. Mu holo yaikulu amalowa, ngakhale muli makina osevera, ndipo ambiri amagwidwira pamenepo akusanja katundu.

Thumba limayamba ndi malo 8. Kachikwama kalikonse kamaonjezera awiri. Ka mu sefa ya mu West Office: kumanzere 9, kumanja 15, kumanzere 7.

Namzeze:
Aaa, manambala a sefa ayi, achimwene! Ena akufuna kudzipezera okha. Pepala lake lili momwemo m'gemu.

Chiphaliwali:
Pepani, pepani. Enawo sinditchula. Ndingoonjeza kuti ulendo woyamba muike Standard. Hardcore imafuna riboni ya inki nthawi iliyonse mukaseva ndipo siseva yokha.

Mlonda_wa_Usiku:
Pamenepo ndi pofunika kwa ife a kuno. Posankha gemu muziona mmene imasevera, chifukwa magetsi sachenjeza. Outlast, Until Dawn ndi Resident Evil pa Standard zimaseva zokha pafupipafupi. Alien: Isolation muyenera kufika pa kabokosi ka pakhoma, ndipo pakati pa kabokosi ndi kanzake patha kudutsa mphindi 20 za kukwawa. Outlast pa Insane ilibe seva n'komwe, mukafa kapena magetsi akathima mukuyambira pachipata.

Choopsa kwambiri ndi kuthima makina akulemba pa disiki. Seva imaonongeka. Njira zake ndi izi. Muzisinthasintha malo osevera, atatu kapena anayi, kuti amodzi akaonongeka mubwerere pa am'mbuyo. Pa PS4 koperani maseva pa flash: Settings, Application Saved Data Management, Saved Data in System Storage, Copy to USB Storage Device. Maseva a magemu a PS5 sakopereka pa flash, amapita pa intaneti kudzera pa PlayStation Plus basi. Musasiye makina pa Rest Mode pochoka, azimitseni kwathunthu.

PS4 ikayamba kuchedwa kapena kudandaula pambuyo pa kuthima kwa magetsi, izimitseni, gwirani batani loyatsira mpaka ilire kachiwiri, pafupifupi masekondi 7, lumikizani kontirola ndi waya, musankhe Rebuild Database. Imeneyo sifufuta kanthu. Koma werengani bwino, Initialize PS4 ili pamndandanda womwewo ndipo imasesa zonse.

Fisi265:
UPS, kabokosi ka batire kogwirizira magetsi akathima, ya 650VA imathandiza, koma anthu asaiyese jenereta. PS4 Slim ndi TV ya mainchi 32 zikupatsani mphindi zochepa, zongokwanira kuseva ndi kuzimitsa bwino. PS5 imakoka mawati pafupifupi 200 posewera, ndiye mphindizo zimachepanso. Amene ali pa sola aone inveta yawo. Ya pure sine wave ndiyo yoyenera. Ya modified sine wave imaliritsa ndi kutenthetsa pawa sapulayi.

Gulugufe:
Ndipo kutentha kwa mwezi uno! Kumene kunachokera Halloween panopa kukuzizira, ife Okutobala ndi ng'anjo. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumapyola madigiri 40. Makina otsekeredwa mu kabati ya TV amapuma mpweya wawo womwe wotentha, fani n'kuyamba kulira mpaka kuphimba mapazi a chilombo amene a Fisi akunena. Atulutseni, musiye mpata wa masentimita 10 kumbali ndi kumbuyo. Fumbi la m'timabowo chotsani ndi kaburashi kofewa. Mukamapemerera fani ndi mpweya, igwireni ndi chala isazungulire. PS4 imene yakhala zaka zambiri osatsegulidwa, ikalirabe mutaipukuta, ndiye kuti thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha m'kati, yauma, apatseni odziwa asinthe.

Laputopu isakhale pa matiresi. Ikwezeni kumbuyo ndi kabuku, ilumikizeni ku chaja, ndipo tsekerani mafulemu, zithunzi za pa sekondi imodzi, pa 30 kapena 60. Ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha, n'chifukwa chake gemu imayamba bwino koma pakatha mphindi 15 yayamba kudukiza.

Kadzidzi:
Nanga Alien: Isolation? Ambiri amaisiyira pa chipatala paja.

Nyalugwe_ZA:
Ku San Cristobal Medical, mishoni 5 ndi 6. Amaisiya chifukwa amaisewera ngati Outlast: kuona chilombo, kuthamangira mu loka, kudikira. Kuno sizigwira. A Creative Assembly, opanga gemuyi, anaika nzeru ziwiri. Ina imadziwa pamene muli nthawi zonse ndipo imangolozera chilombocho dera lanu. Chilombo chenichenicho sichidziwa, chimafufuza ndi maso ndi makutu. Ndiye mukakhalitsa malo amodzi, chimazungulira pomwepo, ndipo mukazolowera maloka chimayamba kuwasuzumira. Muzisuntha. Chikalowa kudenga, yendani. Pansi pa tebulo kapena bedi pamaposa mu loka chifukwa mumaona mbali zonse ndipo mumatuluka mosachita phokoso.

Musathamange, ngakhale pang'ono. Kuyenda wamba kumakwanira chikakhala kudenga, kunyonyomala chikakhala pansi. Kachida koonetsa zoyenda kaja kamalira, ndipo chilombo chikakhala pafupi chimakamva. Kayang'aneni kamphindi, kabwezeni. Mukaona dovu likudontha pa bowo la kudenga, lambalalani, musadutse pansi pake. Mukakhala mu loka icho chikununkhiza, gemu imakuuzani kuti mutsamire kumbuyo ndi kugwira mpweya, musachedwe.

Poseva pamatenga masekondi angapo mutaimirira, ndipo chitha kukugwirani pomwepo. Kabokosi kakalemba kuti adani ali pafupi, mvetserani kaye. Mfuti sichipha, imangochiitana. Noisemaker, kachida kochita phokoso, ponyani kutali ndi kumene mukupita. Mukapeza chida cholavula moto, tulutsani pang'ono pokha chikayandikira, chimathawa. Mukachizoloweza chimayamba kuima patali n'kumadikira, mafuta anu akutha. Maloboti a Working Joe chilombocho sichiwalabadira, ndiye musayembekeze kuti chikuthandizani. Amenewo mumathana nawo ndi bomba la EMP ndi ndodo ya magetsi, stun baton.

Dziwaninso kuti ndi yaitali, maola pafupifupi 20. Mukaiyamba pa 29 simumaliza pa 31.

Fisi265:
Ndipo amene ali ndi PlayStation Camera aone Noise Detection. Ikayaka, chilombo chimamva phokoso la m'nyumba mwanu. Galu akauwa panja, mwafa.

Namzeze:
Kubwerera kwa a laputopu. Mu Outlast chuma ndi mabatire a kamera. Pa Normal mumanyamula 10, pa Hard 5, pa Nightmare 2. Chimene chimadya batire ndi night vision, osati kamera yokha. Yatsani, onani njira, zimitsani, yendani. Musasinthe batire lisanathe, lotsalalo limatayika. Batire likatheratu mumaonabe pang'ono pafupi. Pothawa tsekani zitseko kumbuyo kwanu, ndipo musabisale mdani akukuonani, adzakutulutsani.

Mu Amnesia muli mafuta a nyali ndi ma tinderbox. Mdima umasokoneza mutu wa Daniel, munthu amene mumamusewera, kuyang'ana chilombo nakonso. Koma kuwala kumakuonetsani. Yatsani makandulo pa mphambano za makonde ndi m'zipinda za mapazo, osati paliponse. Chilombo chikabwera, zimitsani nyali, nyonyomalani pakona, yang'anani khoma. Pa malo odzaza madzi paja musaponde m'madzi, dumphani pa mabokosi, ndipo ponyani kanthu kutali kuti chosaonekacho chipite kumeneko musanazungulitse chitseko.

Gulugufe:
Wa pafoni ndimupatse za Five Nights at Freddy's yoyamba, ya 2014. Usiku umodzi ndi mphindi zosakwana 10, kuyambira 12 mpaka 6 koloko, magetsi 100 peresenti. Chitseko chotseka, nyali, kamera, chilichonse chimaonjezera kadyedwe. Cholakwa cha atsopano ndi kutseka zitseko zonse ziwiri ndi kuyendera makamera onse. Zidole zokusakani ndi Bonnie, Chica, Foxy ndi Freddy. Simufunika kudziwa kumene Bonnie ali, nyali ya pakhomo ikuuzani akafika: Bonnie kumanzere, Chica kumanja. Kamera isungireni Pirate Cove, 1C, chifukwa Foxy amatuluka mukamunyalanyaza. Mukapeza katani ili yotsegula mulibe kanthu, tsekani kumanzere msangamsanga. Kuyambira usiku wachitatu Freddy naye amayenda, amadzera kumanja. Magetsi akatha cha m'ma 5 koloko musataye mtima, nyimbo ya Freddy nthawi zina imatalika mpaka 6 kukwana.

Granny ndi yosavuta kufotokoza: masiku asanu, mumanyamula chinthu chimodzi, chilichonse chogwa pansi agogowo amachimva. Yambani ndi Practice kuti muidziwe nyumba iwo kulibe.

Kadzidzi:
Za pagulu bwanji? Ena safuna kuopa okha.

Nyalugwe_ZA:
Phasmophobia, anthu mpaka anayi. Inatuluka pa kompyuta mu 2020, pa PS5 ndi Xbox Series mu Okutobala 2024. Ntchito ndi kudziwa mtundu wa mzukwa, osati kuupha. Maumboni alipo 7, mzukwa uliwonse uli ndi atatu: kachida koyezera ka EMF kufika pa 5, kuzizira kotsika pansi pa madigiri 0, zidindo za zala zooneka ndi tochi ya UV, kulemba m'buku, kuyankha pa kawailesi ka Spirit Box, kadontho kowala kooneka pa kamera ya vidiyo, ndi chithunzi chodutsa pa timadontho towala ta kachida ka D.O.T.S.

Yambani ndi 6 Tanglewood Drive pa Amateur, pamene mumapatsidwa mphindi 5 mzukwa usanayambe kusaka. Gawanani: wina themomita kufufuza chipinda chozizira, wina EMF, wina ayatse magetsi a nyumba ndi kuona pobisala. Mukapeza chipinda, tulani zida zonse mmenemo. Spirit Box imafuna nyali ya chipindacho itazima, ambiri amafunsa nyali ikuyaka n'kulemba kuti palibe. Musayatse nyali zambiri, meni switchi imagwa.

Sanity, muyeso wa kukhazikika kwa maganizo, ya gulu ikatsika pansi pa 50 peresenti mizukwa yambiri imayamba kusaka. Demon imayamba kale pa 70, Shade imadikira mpaka 35. Kusaka kukayamba chitseko chakunja chimakhomeka. Zimitsani tochi ndi chida chilichonse cha m'manja, khalani chete, chifukwa mzukwa umamva maikolofoni. Mtanda uikeni pansi m'chipinda cha mzukwa kusaka kusanayambe. Kukayamba, mtanda ulibenso ntchito, chothandiza ndi lubani. Deogen yokha musaibisalire, imadziwa pamene muli, koma ikayandikira imayenda pang'onopang'ono, ndiye izungulitseni pa tebulo.

Onse musankhe dera limodzi la seva ya pa intaneti, ndipo yesani maikolofoni musanalowe. Pa kompyuta V ndi kulankhula ndi apafupi, B ndi wailesi.

Chiphaliwali:
Phasmophobia imapirira netiweki yochedwa. Dead by Daylight ayi. Kumeneko anayi akukonza majenereta asanu, masekondi 90 iliyonse munthu akakhala yekha, wachisanu akuwasaka. Zonse zili pa kukanikiza batani pa nthawi yake ndi kugwetsa thabwa pa nthawi yake. Ping, kuchedwa kwa netiweki, ikakwera mumamenyedwa mutadumpha kale windo. Komanso kunena zoona, ikatha sabata imeneija siopsanso, imasanduka mpikisano.

Mlonda_wa_Usiku:
Kopanda intaneti, kontirola imodzi, anthu asanu pa mpando: Until Dawn. Muli achinyamata 8, onse atha kupulumuka, onse atha kufa. Gawanani anthuwo, kontirola izipita kwa mwini wake wa amene ali pa sikirini. Imaseva yokha ndipo simungabwerere, wafa wafa. Pamene imalemba kuti Don't Move, kontirola imayeza kugwedezeka kwa manja. Tsamiritsani manja pa maondo. Ena amaiika pa tebulo, koma kunjenjemera kwa kontirolayo kumaisuntha, ndiye zimitsani vibration kaye.

Kadzidzi:
Tikambe za ndalama ndi bandulo, poti apa ndi pamene ambiri timagwera.

Fisi265:
Steam, sitolo ya magemu a pa kompyuta, imakhala ndi Scream Fest, nthawi yogwetsa mitengo, kumapeto kwa Okutobala. Ikani magemu pa Wishlist panopa, idzakutumizirani uthenga mtengo ukatsika. Magemu akale ngati Outlast, Amnesia ndi Alien: Isolation ndiwo amagwa kwambiri. Mukagula n'kupeza kuti sikuyenda, Steam imabweza ndalama ngati simunapyole masiku 14 ndipo mwasewera osakwana maola awiri. Choncho iyeseni tsiku lomwelo, musaisiye yotsegula mukudya nsima, maolawo amawerengedwa. Epic Games Store imapereka gemu yaulere Lachinayi lililonse, ndipo mu Okutobala kawirikawiri mumakhala zoopsa. Ingodinani kuti ikhale yanu, kutsitsa mudzatsitsa mukapeza bandulo.

Mu Steam, Settings, Downloads, mutha kuika maola oti izitsitsa yokha ma update a magemu, muwagwirizanitse ndi bandulo ya usiku. Pa Windows ikani netiweki yanu ngati Metered connection, apo ayi Windows Update idzadya bandulo gemu isanafike theka. Ngati mnzanu ali nayo kale gemu imene mwagula, koperani foda yake ya mu steamapps, common, muiike kwanu, mudine Install. Steam idzaona mafayilowo n'kutsitsa zotsala zokha. Mukamaliza lowani kamodzi muli pa intaneti, kenako Offline Mode.

Nyalugwe_ZA:
A PlayStation asamale dera. Malawi palibe pa mndandanda wa PlayStation Store, ndiye anthu amatsegula akaunti ya South Africa, UK kapena America n'kumagula makhadi oikira ndalama mu akauntiyo. Khadi la dera lina silingalowe pa akaunti ya dera lina. Disiki imasewera paliponse, koma DLC, zoonjezera za gemu zotsitsa padera, iyenera kufanana dera ndi disiki. Mukagula disiki ya ku America ya Resident Evil 7, DLC ya pa akaunti ya South Africa sidzaoneka. Onani nambala ya CUSA pa msana wa bokosi ndi chizindikiro cha zaka: ESRB ndi America, PEGI ndi Ulaya. Disiki yogula kwa munthu iyeseni mpaka imalize kukopera musanalipire.

Pa kompyuta, ngati Resident Evil 2 kapena 7 ikukana pa khadi lakale la zithunzi, pitani mu Steam pa Properties, Betas, musankhe dx11_non-rt. Imabwezera mtundu wa kale usanalowe ray tracing wa 2022, ndipo ndi wopepuka.

Namzeze:
Pali china chimene anthu amachisokoneza ndi mantha: nseru ndi chizungulire. Zimachitika kwambiri m'magemu oonera m'maso mwa munthu, ngati Outlast ndi Resident Evil 7, chifukwa maso akuti mukuyenda pamene thupi lakhala. Kwezani FOV, kutambalala kwa zimene mukuona, kufika cha pa 90 ngati gemu ikulola, zimitsani Motion Blur, Camera Wobble kapena Head Bob, ndi Chromatic Aberration. Khalani patali ndi sikirini. Mafulemu odukizadukiza amaonjeza vutoli, ndiye 30 yokhazikika iposa 50 yodumphadumpha. Mukayamba thukuta lozizira imani pomwepo, mukakakamira zimatenga maola kuti zithe. Amene sizikusintha asankhe zoonera kumbuyo kwa munthu: Resident Evil 2, Dead Space, Silent Hill 2. Odwala khunyu apewe, nyali zothwanima zili ponseponse m'magemu amenewa.

Gulugufe:
Ndi ana, chonde. Nyumba zathu TV ndi imodzi pabalaza. Outlast, Resident Evil, Dead Space ndi Silent Hill 2 ndi PEGI 18, za a zaka 18 kupita m'mwamba, ndipo si magazi okha. Outlast muli maliseche ndi kuzunza, Silent Hill 2 imakhudza nkhanza za m'banja ndi kudzipha. Little Nightmares ikuoneka ngati katuni koma ndi 16. Wa Switch amene akufuna ya ana, Luigi's Mansion 3 ndi PEGI 7, ndipo inatuluka pa 31 Okutobala 2019 penipeni.

Kadzidzi:
Funso lomaliza kwa a PS5. Silent Hill 2 kapena Dead Space, ngati ndalama ndi ya imodzi?

Chiphaliwali:
Zimatengera chimene mukufuna. Dead Space ndi ya manja. Musaombere m'mutu kapena pachifuwa, dulani ziwalo. Mfuti ya Plasma Cutter imatembenuka: yopingasa podula miyendo, yoimirira podula mikono. Chilombo chikagwa chipondeni, mumatuluka zipolopolo, ndipo zina zimanamizira kufa. Ndi Kinesis, mphamvu yonyamulira zinthu patali, tolani chikhadabo chimene mwadula n'kubaya nacho chinzake, osataya chipolopolo.

Silent Hill 2 ndi yoleza, nkhungu ndi nkhani. Imalola kusankha padera kuvuta kwa ndewu ndi kwa mapazo, ndiye mutha kuika ndewu pa Light, mapazo pa Standard. Wailesi ya James, munthu amene mumamusewera, imalira mdani akayandikira, koma zilombo za Mannequin zobisala pakona zitangoima chilili siziulula, choncho muzisuzumira musanalowe m'chipinda. Iswani magalasi a magalimoto, mumakhala mankhwala ndi zipolopolo. Mdani akagwa mupondeni mpaka wailesi itasiya.

Nyalugwe_ZA:
Pa PS5 Silent Hill 2 iikeni pa Performance ngati kudukiza kumakupatsani chizungulire. Pa kompyuta ndi Unreal Engine 5, ndi yolemera ndipo imakonda kudukiza polowa dera latsopano. Ikhale pa SSD, zimitsani ray tracing, tsitsani Shadows, yatsani DLSS kapena FSR, ndipo koyamba muidikire imalize kukonza ma shader musanadine New Game. Khadi lanu la zithunzi likakhala losakwana 6 GB, a Kadzidzi, ndalamayo ipite ku Resident Evil 2 ndi Alien: Isolation, ziwirizo pamodzi pa Scream Fest sizifika mtengo wa Silent Hill 2 imodzi.